TIKITI IMODZI, MAKAMPANI AMBIRI A SITIMA

M'dziko la Germany munthu angayende pa sitima ya panjanji mwezi wathunthu ndi tikiti imodzi yokha, ngakhale asinthe sitima kakhumi pa tsiku. Tikitiyi, yochedwa Deutschlandticket, inayamba kugwira nchito pa 1 May, 2023, pa mtengo wa ma euro 49 pa mwezi. Mtengowu unakwera kufika pa 58 m'caka ca 2025, ndiponso pa 63 mu January, 2026.

Kodi tikiti yogulidwa ku kampani imodzi imalandiridwa m'sitima ya kampani ina? Funsoli ndi lomveka, pakuti m'dzikomo sitima siziyendetsedwa ndi kampani ya Boma ya Deutsche Bahn yokha ai. Kuyambira m'caka ca 1996, maboma a zigawo ndiwo ali ndi udindo wosankha oyendetsa sitima za m'madera ao, ndipo mwa njira imeneyi munalowa makampani monga Metronom, ODEG ndi National Express.

Yankho lake ndi lakuti inde, imalandiridwa. Kondakitala safunsa kumene tikiti inagulidwa. Mabasi a m'mizinda naonso amailandira. Kuti makampani asaluze cifukwa ca kuchipa kwa tikitiyi, Boma lalikulu linavomera kupereka ma euro 1.5 biliyoni pa caka, maboma a zigawo naonso cimodzimodzi.

Koma msampha ulipo. Cimene ciyenera kuyang'anidwa ndi mtundu wa sitima, osati dzina la kampani. Sitima zoima kawiri-kawiri, za zilembo RE, RB ndi S, zimalola tikitiyi. Sitima zaliwiro za maulendo atali, za zilembo ICE, IC ndi EC, siziilola, kupatula pa njira zowerengeka cabe. Sitima za kampani ya FlixTrain nazonso zimaikana.

Mwacitsanzo, pakati pa mizinda ya Hamburg ndi Bremen pamayenda sitima ya Metronom ndiponso sitima zaliwiro za Deutsche Bahn. Munthu amene anagula tikiti yake ku Deutsche Bahn adzakhala bwino-bwino m'sitima ya Metronom, koma akalowa mu ICE ya kampani yomwe inamgulitsa tikitiyo, adzayesedwa wokwera popanda tikiti. Cindapusa cake cimayambira pa ma euro 60, ndalama zotsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa mwezi wonse.

Motero wapaulendo wanzeru amayamba wawerenga zilembo za sitima pa cikwangwani ca pa siteshoni asanaponde pa khomo.