Za Kusunga Cakudya ca M'nyumba

Ananu, ndalama zambiri za m'mudzi zimathera pa cakudya, ndipo zocuruka zimatayika m'miyezi ya May ndi June, nkhokwe ziri zodzaza. Pa nyengo imeneyo ogula amafika ndi sikelo zao, ndipo cimanga cimatsika mtengo popeza aliyense ali naco. Munthu agulitsa matumba ace, nagula zobvala ndi shuga. Pofika January ndi February nkhokwe yatha, ndipo munthu yemweyo anka kumsika kukagula cimanga pa mtengo wokwera, zaka zina wowirikiza kawiri. Cifukwa cace nkwabwino kuyamba mwapatula matumba okwanira banja lonse kufikira masika ena, ndi kugulitsa otsala okha.

Koma cimanga cosungidwa ciri ndi adani ace, ndiwo anankafumbwe, makoswe ndi cinyezi. Ciume bwino cisanalowe m'thumba. Masiku ano kuli matumba osalowa mpweya, m'mene anankafumbwe amafa okha popanda kuthira mankhwala.

Pa ndiwo mpomwemonso. M'dzinja nkhwani ndi khwanya zimacuruka kufikira kukhwimira m'munda. Amai ocenjera amazichola ziri zanthete, nazifutsa, naziyanika padzuwa, nazimanga m'cikwatu ca masamba a msuku. Mfutso umenewu banja lidzadya m'cilimwe, pamene anzao alikutaya ndalama pa matemba ndi kabici. Akautendera ndi nsinjiro za mtedza wa m'munda mwao, safunanso mafuta ogula. Ndipo kwa ine ndiwo zotendera zikoma koposa zokazinga.