GALU WOCITA KUTOLA: Zoyenera kucita asanazolowere pakhomo

M'makomboni athu, kaya ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika mu Chipata, kaya ku Katete ndi ku Petauke, agalu ambiri amene ali pamakomo sanacite kugulidwa. Ena anabwera nao ndi ana kucokera ku dzala la kumsika akali tiana. Ena anasiyidwa ndi anansi amene anasamuka. Ena anafika okha namagona kuseri kwa cimbudzi, mpaka amai a pakhomopo anawamvera cifundo ndi kuwaponyera mkute. Ku Lusaka kuli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limene limasunga agalu osowa mwini ndi kuwapezera makomo atsopano, koma ambiri a ife galu wotere timamtola tokha pamseu.

Kutola galu si kulakwa ai. Galu amene wapulumuka ku njala amakhala mlonda wokhulupirika ndiponso bwenzi la ana. Bvuto ndi lakuti simudziwa kumene wacokera. Mwana ali ndi khadi la kusikelo limene limaonetsa katemera yense amene analandira, koma galu wotola amabwera opanda khadi. Simudziwa cimene cinamluma mwezi watha, kapena cimene ali naco m'mimba. Motero masabata oyamba ndiwo ofunika kwambiri pa umoyo wa banja lonse, makamaka ana.

MUSANAMGWIRE, YAMBANI MWAMUYANG'ANA

Imani patali ndi kumpenyetsetsa. Galu wanjala amakhala woonda ndi wamantha, koma amayenda bwino ndipo amadya ndi kumwa. Galu amene akutuluka malobvu ambiri, amene akuluma miyala ndi mitengo, amene akuyenda dzandidzandi kapena kukoka miyendo ya kumbuyo, ameneyo si wotola. Cotsanipo ana ndipo dziwitsani a vetenale kapena a khonsolo msanga.

Cenjeraninso ndi galu wacilendo amene ali phee, kamwa lili yasa monga ngati fupa lamtsamwitsa. Anthu ambiri amaganiza kuti galu wa ciwewe amakhala wolusa nthawi zonse. Pali mtundu wina wa ciwewe umene umafoola galu ndi kupuwalitsa nsagwada zake. Munthu wacifundo akapisa dzanja m'kamwa kuti acotse fupalo, amakhudza malobvu odzaza ndi matenda. Musayese kutero.

Uzani ana kuti akapeza kagalu asakanyamule, koma aitane munthu wamkulu. Tiagalu tating'ono natonso timakhala ndi ciwewe, ndipo timano take takuthwa timaboola khungu mosabvuta.

MASABATA AWIRI OYAMBA

Galu watsopano akhale payekha kwa masabata awiri, kutali ndi ana, agalu ena ndi amphaka. Mpezereni malo a mthunzi osalowa mvula, thumba louma logonapo, mbale yakeyake ndi madzi oyera tsiku lonse. Wompatsa cakudya akhale munthu wamkulu mmodzi, ndipo azisamba m'manja ndi sopo akamaliza. M'masiku amenewa mudzaona ngati akutsegula m'mimba, kusanza, kukhosomola kapena kudzikanda.

M'sabata loyamba lomweli pitani naye ku ofesi ya vetenale ya m'boma lanu. Auzeni kumene munamtola ndi tsiku lake. Ngati ali ndi mabala ooneka ngati analumidwa ndi nyama ina, aonetseni, ndipo mutsatire zimene adzakuuzani ngakhale zikhale zowawa.

CIWEWE

Ciwewe ndi kacirombo kamene kamalowa m'thupi ndi malobvu a nyama yodwala, polumidwa, pokandidwa, kapena nyamayo ikanyambita pacilonda. Kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kufika ku bongo. Mwa munthu zizindikiro zimayamba kawirikawiri patapita miyezi iwiri kapena itatu, koma zikhoza kuoneka patangopita sabata limodzi, kapena kucedwa mpaka caka. Zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi, kusokonezeka mutu ndi kulephera kumeza, palibe mankhwala ociritsa. Wodwalayo amafa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi ciwewe caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia. Pa anthu 100 odwala matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo pa anthu 10 akufa nao, 4 ndi ana osafika zaka 15. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndi aafupi kotero kuti amalumidwa kumaso ndi kumutu, pafupi ndi bongo, ndiponso amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Mwa galu namo matendawa amabisala. Galu amene analumidwa musanamtole akhoza kuoneka wabwinobwino kwa masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi 6. Katemera amene alandira muli naye kale sangathe kutsimikizira kuti zimene zinalowa kale zacoka. Cotero m'miyezi 6 yoyamba khalani maso. Akasintha khalidwe mwadzidzidzi, akasintha mau pouwa, akaleka kudya kapena kuyamba kubisala mumdima, mtsekereni bwino ndi kuitana a vetenale.

KATEMERA NDI CIKALATA CAKE

Galu amalandira katemera wa ciwewe kuyambira ali ndi miyezi itatu. Ngati kagalu nkocepera apo, pitani nako ndithu kuti a vetenale aone cocita. Pambuyo pake mubwererenso pa tsiku limene adzakulemberani, kawirikawiri caka ndi caka. Cikalata ca katemera cisungeni pamodzi ndi makadi a ana. Galu wanu akadzaluma mwana wa mnansi, cikalataco ndico cidzakulankhulirani ku cipatala ndi kupolisi.

Lamulo la dziko lino la Control of Dogs Act, Chapter 247, limanena za kulembetsa agalu ndi kuletsa kufala kwa ciwewe. Funsani ku khonsolo yanu za laisensi ndi mtengo wake. Nthawi zina makhonsolo amalengeza kuti agalu onse amangidwe, ndipo opezeka akuyendayenda amaomberedwa. Zingakhale zacisoni kupulumutsa galu ku njala kenaka nkumtaya cifukwa ca pepala.

Katemerayu sateteza khomo lanu lokha. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 pa 100 ali onse m'dera akalandira katemera, ciwewe cimasowa poyenda ndipo cimazirala. Ndiye cifukwa cake maiko anagwirizana zoyesetsa kuti pofika caka ca 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi ciwewe ca galu. Pa 28 September caka ciri conse, kuyambira mu 2007, maiko amakumbukira matendawa. Tsikuli ndi limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomupatsa katemera woyamba. Cheru khutu ku wailesi pa nyengo imeneyi, pakuti a vetenale amalengeza malo obayirako agalu.

Funsaninso za katemera wa parvo, matenda amene amasanzitsa tiagalu ndi kutitsegula m'mimba mwa magazi. Ameneyu amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8.

GALU AKALUMA MUNTHU

Cinthu coyamba ndi sopo ndi madzi. Tsukani balalo pa mpopi kapena mothira madzi ndi kapu kwa mphindi 15 zathunthu, ngakhale likhale laling'ono. Sopo wocapira ali bwino. Kutsukaku kumacotsa tizirombo tambiri tisanalowe mkati. Musathirepo tsabola, dothi, mankhwala a zitsamba kapena ubweya woocha wa galuyo, monga ena amacitira. Zimenezi siziteteza ai.

Kenaka pitani ku kiliniki kapena ku cipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati balalo litupa. Ngati katemera palibe pa kiliniki yanu, pemphani kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu. Masiku ano nyeleti zake sabaya pamimba monga kale. Amabaya pa mkono, kapena pa nchafu ngati ndi mwana wamng'ono: tsiku limene mwafika, pakapita masiku 3, pakapita masiku 7, ndipo nthawi zina ina pambuyo pake. Malizani zonse zimene akulemberani. Mai woyembekezera ndi khanda lomwe akhoza kulandira. Anamwino adzaonanso ngati pafunika nyeleti ya kafumbata.

Galuyo musamuphe ndipo musamthamangitse. Dziwitsani a vetenale ndi kumtsekera masiku 10, mukumpatsa cakudya ndi madzi. Galu amene anali ndi ciwewe m'malobvu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa m'masiku amenewa. Koma wolumidwayo ayambe nyeleti osayembekeza kuti masiku 10 athe. Ngati galu wafa kapena waphedwa kale, musagwire mtembo ndi manja. A vetenale akhoza kupimitsa bongo wake.

NJOKA ZA M'MIMBA, NKHUPAKUPA NDI MPHERE

Pafupifupi kagalu kali konse kotola kali ndi njoka za m'mimba. Mimba yake imakhala yotupa pamene nthiti zikuonekera. Mazira a njokazi amatuluka ndi zimbudzi za galu ndi kukhala m'dothi miyezi yambiri. Mwana wokwawa amene amadya dothi akhoza kuwameza, ndipo mtundu wina umaboola khungu la kumapazi ndi kusiya mizere yoyabwa. Kagalu kapatseni mankhwala a njoka masabata awiri ali onse mpaka kakwane miyezi itatu, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Galu wamkulu amwe miyezi itatu iri yonse. Wolani zimbudzi zake ndi fosholo m'mawa muli monse ndi kuzitaya m'cimbudzi ca dzenje kapena kuzikwirira.

Nkhupakupa zimacuruka nyengo ya mvula ndipo zimabweretsa matenda a magazi. Galu akafooka, nkhama zake zikayera, mkodzo ukada, thamangani naye kwa a vetenale. Gulani mankhwala osambitsira olembedwa kuti ndi a agalu, ndipo tsatirani muyeso wake. Dipi ya ng'ombe yosungunula mongoganizira yapha agalu ambiri. Safunsa anadya phula.

Galu wosuka ubweya ndi wodzikanda kwambiri akhoza kukhala ndi mphere. Musampake oilo wakuda wa galimoto. Amaocha khungu, ndipo galu akanyambita amadwala. Pali mankhwala ake enieni. Tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati ndi mphutsi za nchenche imene imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo. Pakanipo Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, kenaka muifinye. Nchenche yomweyo imaikiranso pa zobvala zoyanika pansi, motero sesani pogona galu ndipo sitani zobvala za ana.

Mankhwala a anthu monga Panadol ndi Brufen musampatse galu. Amaononga ciwindi, impso ndi m'mimba.

CAKUDYA

Galu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali musamdzazire mbale tsiku loyamba, cifukwa thupi lake silingathe kulandira zambiri nthawi imodzi. Yambani ndi pang'ono, kanai pa tsiku, ndi kumaonjezera m'kati mwa sabata. Nsima yokha siikwanira. Sakanizani ndi kapenta, msuzi wa nyama, dzira lophika kapena zotsala za ku buchala zophikidwa bwino, ndi ndiwo za masamba pang'ono. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ya nsomba zimalasa m'matumbo. Anyezi ndi cokoleti ndi poizoni kwa galu. Galu wokhuta sapita kudzala, ndipo amene sapita kudzala sakumana ndi agalu odwala.

MANTHA NDI UKALI

Agalu ambiri otola anagendedwapo miyala ndi kumenyedwa. Ena amathawa akaona tsache, ena amadzuma munthu akayandikira mbale. Kudzumako ndi cenjezo, ndipo galu amene amamenyedwa cifukwa codzuma amadzaphunzira kuluma osacenjeza. Mlekeni abwere yekha kwa inu. Mpatseni cakudya pa nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, muitaneni ndi dzina limodzi, ndipo akacita bwino mumuyamike. Ena amazolowera m'masabata ocepa, ena amatenga miyezi.

Ana aphunzire malamulo atatu: osagwira galu akudya, akugona kapena akuyamwitsa, osamkoka mcira kapena makutu, ndipo akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga, sadzakwapulidwa. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale galuyo akhale wofatsa bwanji.

Kumpatsa galu tsabola kapena camba kuti aluse, kapena kummanga pa cheni cacifupi padzuwa tsiku lonse, sikupanga mlonda wabwino. Kumapanga galu woluma ali yense, ndipo woyamba kulumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo. Nchito ya mlonda ndi kuuwa ndi kukudzutsani. Konzani mpanda, tsekani geti, ndipo muziyenda naye pa cingwe madzulo.

KUBEREKA

Galu wamkazi amafuna amuna kawiri pa caka, ndipo bere lake limatenga masiku pafupifupi 63. Tiana timene mwini walephera kudyetsa ndito timakathera kudzala la kumsika kumene munatola wanuyo. Funsani a vetenale za opaleshoni yotseka kubereka kwa wamkazi ndi kufula wamwamuna. Galu wofulidwa amacepetsa kuyendayenda usiku, koma kuuwa akuba saleka.

Owerenga athu, ngati pakhomo panu pali galu wotola amene sanaonane ndi a vetenale, pitani naye sabata lino, ngakhale mwakhala naye zaka. Uzaninso anansi anu, pakuti agalu a m'komboni amakumana usiku ndipo ana athu amasewera pabwalo limodzi.