KHANSA YA M'CIFU: AKATSWIRI AFUNA KUIGWIRA ISANAKULE

Wolemba Mtolankhani Wathu

PAMUDZI pakakhala bambo kapena mai amene kale anali kutsiriza mbale yace ya nsima, koma tsopano angotema mbamu ziwiri ndi kusamba m'manja, a pabanja kawirikawiri amati ndi zironda za m'mimba. Ena amgulira mankhwala a m'sitolo, ena amsungunulira soda m'madzi, enanso apita naye kwa sing'anga. Miyezi ipita, zobvala ziyamba kumkulira, ndipo pofika naye ku cipatala cacikulu madokotala apeza kuti m'cifu muli cotupa cimene cafalikira kale. Imeneyi ndiyo khansa ya m'cifu, nthenda imene imadya munthu mwakacetecete.

Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inawerengera kuti m'caka ca 2022 anthu pafupifupi 968,000 pa dziko lonse anapezeka ndi nthendayi, ndipo pafupifupi 660,000 anafa nayo. Cimene cimapha ambiri ndi kucedwa kuizindikira. Ku South Korea boma limaitana munthu aliyense wa zaka 40 ndi kuposa kuti akapimidwe m'cifu pa zaka ziwiri ziri zonse, ndipo kumeneko odwala oposa 6 mwa 10 amakhalabe ndi moyo patapita zaka zisanu. M'maiko ambiri ndi awiri, atatu kapena anai okha mwa 10.

Njira yodalirika yopimira ndiyo kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kupyolera pakamwa kufikira m'cifu, ndi kutengako kanyama kakang'ono kukakaona pa makina. Makina amenewa ndi a mtengo wapatali, afuna dokotala wophunzira nchitoyo, ndipo m'Zambia muno apezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga University Teaching Hospital mu Lusaka. Ncifukwa cace akatswiri a sayansi ali pa kalikiliki kufuna cizindikiro cimene cingaoneke m'magazi cabe. Pofunafuna, maso ao afika pa tinthu tina ta m'thupi timene kale sanali kutiwerengera konse.

BUKU LA MALAMULO M'THUPI

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene dzina lace ndi maselo. M'kati mwa selo muli DNA, imene tingaifanizire ndi buku la malamulo losungidwa ku nyumba ya mfumu. Bukulo silituruka panja. Pakafunika nchito, mau a lamulo limodzi amakoperedwa pa kanthu kena, dzina lace RNA, ndipo RNA imeneyi imapita monga kapaso wonyamula kalata kukauza amisiri a m'selo kuti apange mapuloteni, ndiwo zipangizo zomangira ndi kuyendetsera thupi.

Pamene akatswiri anatsiriza kuwerenga DNA ya munthu mu 2003, anadabwa kuona kuti malamulo opangira mapuloteni ndi pafupifupi 20,000 okha, ndipo satenga ngakhale magawo awiri mwa magawo 100 a buku lonse. Mbali yotsalayo ena anali kuiyesa zinyalala, monga gaga wotsala pokonola cimanga. Koma mai aliyense adziwa kuti gaga ali ndi nchito yace pakhomo.

Kufufuza kunasonyeza kuti mbali yaikulu ya zotsalazo imakoperedwanso kukhala RNA, ingakhale kuti RNA yotere sinyamula kalata yopangira puloteni. Ikakhala ndi zilembo zoposa 200, m'Cingerezi amati long non-coding RNA, ndiko kunena kuti RNA yaitali yosapanga puloteni. Mwa munthu mwapezeka mitundu yace yoposa 15,000. Ngati RNA yoyamba ija ndi kapaso, iyi ifanana ndi nduna za pa bwalo, zimene sizimanga nyumba kapena kulima, koma zimanena kuti lamulo lakuti liwerengedwe lero, lamulo lakuti litsekeredwe.

NDUNA ZIKAPOTOKA

Khansa imayamba pamene maselo aleka kumvera malamulo nayamba kuswana kosalekeza. Thupi liri ndi alonda oletsa zimenezi, ndipo wodziwika kwambiri ndi puloteni ya p53, imene imaimitsa selo loonongeka kapena kulilamula kuti life. Nduna zija zikapotoka, alonda amafooka.

Imodzi mwa RNA zoyamba kudziwika ndi H19. Inapezeka mu mbewa m'caka ca 1984, ndipo mu 1990 akatswiri anasonyeza kuti sipanga puloteni. M'zotupa zambiri za khansa ya m'cifu H19 imacuruka koposa m'nyama yabwino yoyandikana nazo, ndipo poyesa maselo a khansa kwaoneka kuti imacepetsa mphamvu ya mlonda p53.

Ina ndi HOTAIR, imene John Rinn ndi Howard Chang pamodzi ndi anzao anaifotokoza mu 2007 pa yunivesite ya Stanford ku America. Nchito yace ndi kutsogolera mapuloteni amene amatsekera masamba ena a buku lija kuti asawerengedwe. Ikacuruka m'cotupa imatsekera ndi malamulo oletsa khansa omwe. Madokotala aona kuti odwala amene zotupa zao ziri ndi HOTAIR yambiri, nthenda yao imafalikira msanga ku timisempha ta mwanabere, ndipo masiku a moyo wao amafupika.

Si zonse zimene zimathandiza nthenda. RNA zina, monga MEG3 ndi GAS5, zimagwira nchito yoletsa maselo kuswana mopitirira, ndipo m'khansa ya m'cifu zimapezeka zitacepa. Motero cotupa cimakula pamene nduna zoipa zacuruka ndipo zabwino zasowa pa bwalo.

CIYEMBEKEZO CA M'MAGAZI

Cimene cakondweretsa madokotala ncakuti zina mwa RNA zimenezi zimaturuka m'cotupa ndi kulowa m'magazi. Akatswiri a ku Japan ndi ku China anapeza kuti H19 imakhala yambiri m'magazi a odwala khansa ya m'cifu kuposa a anthu abwino, ndiponso kuti imatsika cotupa cikacotsedwa pa opareshoni. Pa khansa ya prostate ya amuna njira yotere inafika kale m'zipatala: mu 2012 boma la America linabvomereza kupima mkodzo pofuna RNA ya PCA3.

Koma owerenga athu asapite ku kiliniki kukapempha kupimidwa H19 kapena HOTAIR. Pa khansa ya m'cifu njirayi ikali m'manja mwa ofufuza, ndipo ambiri mwa odwala amene anayesedwa ndi a ku maiko a kum'mawa kwa Asia. Ifunika kuyesedwa pa anthu ocuruka, kuphatikizapo a mu Africa, isanayambe kugwiritsidwa nchito. Ikadzatsimikizika, magazi otengedwa pa kiliniki ya kumudzi angadzasonyeze amene afunika kutumizidwa msanga ku makina a kamera.

ZIMENE ZIRI M'MANJA MWATHU

Podikira tsikulo, pali zambiri zodziwika kale. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anapeza kacirombo ka Helicobacter pylori kamene kamakhala m'cifu. Mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi kacirombo kameneka, nadwala, kuti atsimikize anzace okaika. Mu 1994 kanaikidwa pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Kaciromboka kamalowa m'thupi makamaka pa ubwana, kupyolera m'malobvu, m'zakudya ndi m'madzi osasamalika. Akulu ambiri mu Africa ali nako, koma ndi ocepa okha amene amadwala khansa. Kamatupitsa khungu la m'kati mwa cifu kwa zaka zambiri, ndipo kutupako kumasokoneza malamulo a m'maselo pamodzi ndi nduna zija. Mankhwala a ku cipatala akumwa masiku 10 kufikira 14 amatha kukapha.

Zina zoonjezera ngozi ndi kudya mcere wambiri, makamaka nyama ndi nsomba zosungidwa ndi mcere, kukoka fodya ndi kumwa mowa mopitirira. Mu 2020 Dokotala Violet Kayamba wa pa University of Zambia ndi anzace anafalitsa zimene anapeza pa odwala a mu Lusaka, zosonyeza kugwirizana pakati pa khansa ya m'cifu ndi kupuma utsi wa nkhuni ndi makala kwa nthawi yaitali. Kuphikira pa malo opita mphepo, kuwiritsa madzi akumwa, kusamba m'manja ndi sopo ndi kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso ndi zinthu zimene banja liri lonse lingathe.

Koposa zonse, tiyeni tikhale cheru ndi zizindikiro. Munthu akamva kupweteka pamwamba pa mimba kwa masabata angapo, akamakhuta atangodya pang'ono, akamaonda popanda cifukwa, akamasanza kawirikawiri kapena kusanza magazi, akamacita cimbudzi cakuda bii, kapena akacepa magazi, apite ku cipatala msanga, makamaka ngati wapyola zaka 40. Mankhwala oyamba akalephera, abwerere kukanena, ndipo apemphe kalata yomtumiza ku cipatala cacikulu. Mu Lusaka muli Cancer Diseases Hospital, cipatala ca khansa cimene cinatsegulidwa mu 2007.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Cotupa copezeka cikali cacing'ono cimacotsedwa, munthu nabwerera ku munda wace. Tikaona kholo lathu liyamba kusiya nsima m'mbale, tisadikire kuti tiyambe takolola.