Mabakiteriya amene amachotsa zitsulo zapoizoni m'madzi a ku migodi

Madzi otuluka ku migodi ndi m'mafakitale amatha kukhala ndi zitsulo zosungunuka zimene sizioneka ndi maso, monga mtovu, mkuwa, zinki, kadimiyamu ndi mekyuli. Kuwiritsa madzi otere kapena kuthiramo Certeza kumapha tizilombo ta kolera, koma zitsulozo zimatsala momwemo. M'mayiko ena, ntchito yochotsa zitsulozi m'madzi ikugwiridwa ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya.

Nkhaniyi ikukhudza chigawo cha Tete, kumene kuli migodi ya malasha ku Moatize ndiponso anthu okumba golide m'mitsinje. Miyala yotayidwa pa migodi ya malasha nthawi zambiri imakhala ndi sulufule. Ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo n'kuzitengera kumtsinje. Madzi sadziwanso malire. Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za mgodi wa mkuwa linagumuka ku Chambishi m'dziko la Zambia, ndipo madzi a asidi anakafika mu mtsinje wa Kafue, kupha nsomba ndi kuononga minda. Kafue amathira mu Zambezi, mtsinje womwewo umene umadzaza Cahora Bassa.

Kuopsa kwa zitsulozi n'kwakuti siziwola. Zimaunjikana m'nthaka ya kudimba, kulowa m'mbewu, kenako m'thupi la munthu. Ku Toyama m'dziko la Japan, alimi anadya kwa zaka zambiri mpunga wothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Jinzu, amene munali kadimiyamu wochokera ku mgodi. Impso zawo zinaonongeka, mafupa n'kufewa mpaka kuthyoka okha.

Kodi mabakiteriya amathandiza bwanji? Pali mtundu wina umene umakhala m'matope a kudambo momwe mulibe mpweya. Umadya zinthu zowola, ndipo m'malo mopuma mpweya umagwiritsa ntchito sulufule wosungunuka m'madzi. Potero umatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola, fungo limene aliyense wokumba m'dambo amalidziwa. Mpweya umenewu ukakumana ndi zinki, mkuwa, mtovu kapena kadimiyamu, umagwirana nazo n'kupanga tinthu tolimba timene sitisungunuka. Tinthuto timamira pansi ngati matope, madzi n'kupitirira. Mabakiteriyawa amachepetsanso asidi wa m'madzimo.

Njirayi inayesedwa kale pa ntchito zikuluzikulu. Ku Budel m'dziko la Netherlands, fakitale yoyenga zinki inayamba mu 1992 kupopa madzi oipitsidwa a pansi pa nthaka n'kuwalowetsa m'mathanki a mabakiteriya. Matope otsalawo amabwezedwa m'fakitale kuti ayengedwenso zinki. Palinso njira yotchipa. Pa mgodi wa mtovu wa West Fork ku Missouri, m'dziko la America, anakumba maiwe mu 1996 n'kuwadzaza utuchi, ndowe za ng'ombe, udzu wouma ndi miyala ya laimu. Ndowe zimabweretsa mabakiteriya, utuchi ndi udzu ndiye chakudya chawo, laimu amaziziritsa asidi. Madzi amadutsamo pang'onopang'ono, osafuna makina ambiri.

Komabe mabakiteriya sawononga chitsulo, amangochichotsa m'madzi n'kuchisiya m'matope. Matopewo ndi poizoni. Sayenera kuthiridwa m'munda ngati manyowa, ndipo akauma n'kukumana ndi mpweya, zitsulo zija zimatha kusungunukanso. Dziwe lotere limafuna malo, nthawi ndi kuyeza madzi kawirikawiri, ndipo chakudya cha mabakiteriya chikatha, ntchito imaima. Silingathe kuyeretsa mtsinje wonse. Limagwira ntchito pamalo pamene madzi oipa akutulukira, asanafike kumtsinje.

Pa mekyuli, amene okumba golide amagwiritsa ntchito pogwira golide, m'pofunika kusamala kwambiri. Mabakiteriya omwewa akamupeza m'matope a mumtsinje amamusandutsa mtundu woopsa kuposa poyamba, umene umaunjikana mu nsomba. Mtundu umenewu ndi umene unadwalitsa anthu odya nsomba ku Minamata, ku Japan konko, kumene matendawa anadziwika mu 1956. Umaononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba. Choncho dziwe la ndowe ndi utuchi si mankhwala a malo otsukira golide. Kumeneko chofunika n'chakuti mekyuli asalowe n'komwe m'madzi.

Kwa alimi othirira kumunsi kwa mgodi, madzi oyera mbee si umboni wakuti mulibe zitsulo. Zizindikiro zina zimaoneka ndithu, monga madzi kapena miyala kusanduka yofiirira ngati dzimbiri, nsomba kufa, ndi mbewu kupserera. Zikatero, ndi bwino kusiya kuthirira, kumwetsa ziweto kwina, ndi kudziwitsa mfumu pamodzi ndi alangizi a zaulimi a kuboma kuti madziwo akayezedwe ku labotale. Pamisonkhano ya eni migodi ndi anthu a m'midzi, alimi ali ndi mafunso atatu oyenera kufunsa: madzi a mgodi akuyeretsedwa motani, zotsatira za kuyeza akuonetsa kwa ndani, ndipo matope otsalawo akutayidwa kuti.