Bwato ndiwo ng'ombe ya msodzi

ULÓNGUÈ — Pa msika wa Ulónguè, kuseri kwa milu ya mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, pali mzere wa amayi ogulitsa ndiwo za m'madzi. Pa mathebulo awo pamakhala kapenta wouma, nsomba zong'amba zamchere zimene anthu a m'chigawo cha Tete amazitcha "chicoa", ndiponso usipa wochokera ku Malawi. Wogula amatola, kununkhiza, n'kuyamba kunenerera mtengo. Koma ndi ochepa mwa ogulawo amene anaona ndi maso chombo chimene chinagwira nsombazo, pakuti Angónia ndi dziko la mapiri, ndipo mitsinje yake, monga Lifidzi, ndi ya mbedza ndi mono basi.

Kapenta ndi chicoa zimachokera kumunsi kotentha, ku nyanja ya Cahora Bassa. Zimakwera galimoto ulendo wa makilomita oposa 300, kudutsa mzinda wa Tete, Moatize ndi mphambano ya Mussacama, zisanafike kuno kozizira. Kumeneko kuli anthu amene chuma chawo chonse chimayandama pamadzi. Mlimi wa ku Dómuè kapena ku Tsangano, amene amadzuka usiku kukasuzumira m'khola ndipo salola ngolo yake kuyenda yopanda girisi, sangavutike kuwamvetsa anthu amenewa. Chimene ng'ombe ndi ngolo zili kwa iye, ndicho bwato uli kwa msodzi.

Nyanja yochita kupanga

Nyanja ya Cahora Bassa siyakale. Khoma lake, lotalika mamita 171, linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Songo kuyambira mu 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Anasefukira mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe, namiza midzi, minda ndi nkhalango. Mitengo yambiri ya nkhalangozo idakali chiimire pansi pa madzi. Madzi akatsika nsonga zake zimaoneka, akakwera zimabisala, ndipo ndizo zimang'amba maukonde ndi kuboola mabwato. Kuwonjezera apo pali ng'ona, mvuu, ndi mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imene imautsa mafunde amene anthu ozolowera mtsinje sanali kuwadziwa kale. Pamadzi otere, munthu wonyozera chombo chake akusewera ndi moyo wake ndi wa anzake amene wakwera nawo.

Mtengo umodzi, bwato umodzi

Asodzi ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, m'maboma a Cahora Bassa, Mágoè, Marávia ndi Zumbo, amayenda pa bwato wosema. Bwato wotere umachokera ku thunthu limodzi. Mmisiri amasankha mtengo wowongoka ndi wonenepa, monga mbawa, mlombwa kapena mvunguti, naugwetsa ndi nkhwangwa, kenaka amakhala masiku ambiri kuthengo akukumba m'kati ndi kasemasema. Akasiya makoma okhuthala, bwato ulemera ndipo wopalasa athyoka nawo msana. Akasema mopitirira, ung'ambika msanga. Ntchito ikatha, pamafunika amuna ambiri kapena ng'ombe kuti aukokere kugombe.

Mdani woyamba wa bwato wosema si madzi ayi, koma dzuwa. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo thabwa likanyowa usiku n'kuuma msanga masana limachita ming'alu. N'chifukwa chake msodzi wosamala sausiya bwato wake poyera. Amaukokera pamthunzi, kapena kuufunditsa udzu ndi masamba, kapenanso kuusiyira madzi pang'ono m'kati kuti usaume gwa. Mng'alu ukaoneka salinda mawa. Amatsekamo thonje kapena sanza, kumata phula, n'kukhomerapo kachidutswa ka lata ndi timisomali. Phula likasowa, ena amasungunula pulasitiki ya zigubu zakutha. Bwato wakale umadziwika ndi zigamba zake, ndipo mwini wake amatha kufotokoza mbiri ya chigamba chilichonse: ichi chinadza ndi chitsa cha pansi pa madzi, ichi ndi mwala wa pagombe, ichi ndi mvuu.

Zinthu ziwiri sizichoka m'bwato: nkhafi ndi chitini chokapira madzi. Mwana wa msodzi ntchito yake yoyamba ndiyo kukapa, asanaloledwe kugwira nkhafi kapena ukonde. Pokapa amaphunzira kumene bwato wa atate ake umathonyera, ndipo akaona madzi alowa mofulumira kuposa dzulo, amadziwa kuti pali pamene patseguka.

Bwato subwerekedwa wamba. Wobwereka amalipira ndi gawo la nsomba, monga mmene wobwereka ng'ombe zolimira kuno amalipirira ndi chimanga kapena ndalama. Ukabwerera wosweka, mlandu umafika kwa mfumu. Ndipo mwini wake akamwalira, pamsonkhano wa chuma chamasiye bwato ndi ukonde ndizo zimatchulidwa poyamba, pakuti amene wazitenga ndiye watenganso udindo wodyetsa ana.

Mchere ndi dzimbiri

Kapenta ali ndi zombo zakezake. Kansomba kameneka kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anakathira m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo kuchokera kumeneko kanatsika kokha ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Usodzi wake wa malonda unakula m'zaka za m'ma 1990, nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992.

Chombo cha kapenta ndi chachitsulo. Chimaima pa migolo iwiri italiitali yotsekeka, pamwamba pake pali pokhala anthu, injini, jenereta, ndi mkono wachitsulo wopachikapo ukonde wozungulira. Usiku amatsitsa ukondewo pansi, nayatsa magetsi pamwamba ndi m'kati mwa madzi. Kapenta akasonkhana pa kuwalako, amazimitsa magetsi a pamwamba, napukusa ukonde. Nsombazo amazithira mchere pomwepo, ndipo kukacha amakaziyanika pa mathandala kumtunda.

Mcherewo ndiwo umasunga nsomba, koma ndiwonso umadya chombo. Ngakhale madzi a nyanjayi alibe mchere, chitsulo chimene chimagona ndi madzi amchere usiku uliwonse chimagwidwa dzimbiri. Tsono antchito akabwerera kugombe m'mawa, asanagone, amayamba atsuka. Mwezi ukakhwima kumwamba, magetsi sakopanso kapenta ndipo usodzi umachepa. Masiku amenewo ndiwo okwecha dzimbiri, kupaka penti, kuwotcherera pamene pabooka, kusintha oyilo ndi kusoka ukonde. Kabowo kakang'ono pa mgolo umodzi kamalowetsa madzi mwakachetechete, ndipo chombo chimayamba kupendekeka pakati pa nyanja, mumdima. Akulu anati tsoka silinunkha. Jenereta nayonso ikafa usiku, mafuta onse amene anawotcha popita apita pachabe, ndipo antchito amene malipiro awo amadalira kulemera kwa nsomba amabwerera chimanjamanja.

Maboti a alendo

Palinso mtundu wachitatu wa chombo pa nyanjayi. Alendo ochokera ku South Africa, ku Zimbabwe ndi kwina amafika ndi maboti a fayiba a injini zamphamvu, kudzawedza mcheni, nsomba ya mano akuthwa imene Apwitikizi amati peixe-tigre. Ku damu la Chicamba, m'chigawo cha Manica, anzawo amawedza nsomba yotchedwa bass, imene kwawo ndi ku America. Kumeneko masewerawa ndi aakulu kwambiri mwakuti pali mafakitale opanga maboti a ntchito yokhayi, monga Ranger, imene inayamba mu 1968 ku Arkansas.

Anthu amenewa sawedza kuti adye, ndipo nthawi zambiri nsomba akaipima amaibwezera m'madzi, chinthu chimene chimadabwitsa msodzi wa pa bwato. Koma pa za chombo amafanana naye. Amalitsuka boti, kulipukuta, kulifunditsa pa dzuwa, ndipo injini ikasintha kaliridwe amamva msanga. Ambiri amalembapo dzina. Kutsukako kuli ndi phindu lina loposa kukongoletsa. Boti lokokedwa ndi galimoto kuchoka pa damu lina kupita pa lina likhoza kunyamula zidutswa za namasupuni ndi zomera zina zimene zimatseka madzi, n'kukazidzala kumene kunalibe.

Mitengo ikutha

Mlendo boti lake likatha amagula lina. Mwini chombo cha kapenta amaitana wowotcherera. Amene ali pa vuto lenileni ndi mwini bwato wosema, chifukwa mtengo woti ungatuluke bwato umatenga zaka makumi ambiri kuti ukule. Odula matabwa, owotcha makala ndi moto wolusa zachepetsa mitengo ikuluikulu m'madera ambiri a chigawo cha Tete. Amisiri tsopano amapita kutali kukafuna thunthu, kapena amasema mitengo yofewa imene sikhalitsa, kapenanso yaing'ono imene bwato wake suchedwa kugubuduka pa mafunde. Maboti a matabwa ndi a fayiba alipo, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa munthu wa ukonde umodzi.

Motero chigamba chimene kale chinali chizindikiro cha umphawi, lero ndi nzeru. Msodzi amene watalikitsa moyo wa bwato wake ndi chaka chimodzi wapulumutsa ndalama za sukulu za ana ake, ndipo wasiya mtengo wina uli chiimire m'nkhalango. Komabe chigamba chili ndi malire. Bwato wowola pansi sumva phula, ndipo amene amaukakamiza ulendo umodzi wotsiriza, atadzaza matumba a nsomba ndi anthu, ndiwo amaliritsa midzi.

Nkhani ya mitengoyi siyachilendo kwa anthu a ku Angónia. Mapiri ambiri a kuno anatsala ambee, ndipo mmisiri wa ngolo kapena wa goli amadziwa kuvuta kwa kupeza thabwa labwino. Iye anapeza pothawira, pakuti bulugamu ndi paini zimakula msanga ndipo zimachekeka matabwa. Wosema bwato afunika thunthu lathunthu, ndipo mbawa yodzalidwa chaka chino idzasemedwa ndi adzukulu.

Pa msika wa Ulónguè mtengo wa mulu wa kapenta ukakwera, anthu amaloza mafuta a galimoto ndi kuipa kwa msewu. Zimenezo n'zoona. Koma m'mulu womwewo mulinso penti, phula, misomali ndi mmawa wa munthu amene anabwera ku nyanja atatopa, natsuka chombo chake asanaike mutu pa mphasa.