Malamulo a pa siteji ya kabaza ku Dowa ndi Ntchisi

M'nkhani ino ndifotokoza momwe anthu oyendetsa kabaza m'maboma a Dowa ndi Ntchisi amasungira malamulo a malo oimikapo njinga zawo, ndiponso gawo limene chiyankhulo chimatengapo pa ntchitoyi. Maboma awiriwa ndi amapiri, ndipo midzi yambiri ili kutali ndi msewu wa M1 umene umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi. Munthu akatsika minibasi, ulendo wotsala wopita kumudzi, kuchipatala kapena ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, womwe unatsegulidwa m'chaka cha 1994, nthawi zambiri amaumaliza pa njinga yakapalasa kapena yamoto. Motero malo oimikapo njinga, amene timawatcha siteji, ndiye munda wa wakabaza.

Poyamba, tidziwe kuti pa siteji pali mphamvu zitatu. Apolisi a pamsewu amatsata lamulo la za pamsewu la 1997. Khonsolo ya boma, malinga ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, imatha kukhazikitsa malamulo ake okhudza misika ndi madepoti. Koma tsiku ndi tsiku, amene amaona yemwe waima pati ndi komiti ya akabaza eni ake, yokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma.

Malamulo a komiti ndi osavuta kuwamva. Wolowa kumene amapereka ndalama yolowera. Njinga zimaima pamzere, ndipo wofika koyamba ndiye amanyamula koyamba. Wa siteji ina amaloledwa kutsitsa munthu, koma osati kudikirira wina pamenepo. Wophwanya malamulowa amadzudzulidwa, akabwereza amalipira chindapusa, ndipo akapitiriza amaimitsidwa kwa masiku angapo. Chilango chomalizachi ndi chowawa chifukwa tsiku limodzi losagwira ntchito ndi tsiku losagula ufa kunyumba.

Chachiwiri, komiti ilibe ndende ngakhale khoti. Nanga anthu amaimvera bwanji? Ine ndikuona kuti yankho lina lili m'misintho ya aneni. Pokamba za malamulo awo, akabaza amakonda msintho wochitirana: tinagwirizana, tinamvana, timathandizana. Kachidutswa ka -an- kamasonyeza kuti lamulo silinachokere kwa munthu mmodzi, ndipo woliphwanya akudzitsutsa yekha. Koma pofika pa chilango, msintho wochitidwa ndiwo umamveka: njinga yagwidwa, makiyi alandidwa. Apa wogwira njingayo satchulidwa, choncho mkwiyo wa wolakwa usowa munthu woulunjika. Wapampando wanzeru amawonjezera ulemu, nati, "Achimwene, pano si panu, tasunthani." Mawu oti achimwene amakumbutsa wolakwayo kuti akadali m'gulu.

Mayiko ena amachita mosiyana. Ku America, mabungwe a eni nyumba a m'dera limodzi amakhala ndi malamulo olembedwa amene munthu amawavomereza pogula nyumba, ndipo galimoto yoimikidwa polakwika imatha kukokedwa n'kuchotsedwa. Kumeneko mphamvu ili pa pepala. Pa Mponela kapena pa Malomo mphamvu ili poti amene mwakangana naye lero ndi amene adzasonkhe ndalama mawa mukadwala kapena mukaferedwa.

Chachitatu, dongosolo lotere lili ndi zofooka. Komiti ikhoza kukweza ndalama yolowera pofuna kutsekereza achinyamata atsopano. Chindapusa chosalembedwa m'buku chimabala manong'onong'o. Komanso siteji imene akabaza amaikonda, chifukwa ili pamene minibasi zimatsitsa anthu, ndi yomweyo imene ili m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu, pomwe ngozi sizichedwa. Apa zofuna za komiti ndi za apolisi zimawombana.

Mbiri ikutiphunzitsa kuti lamulo lochokera kumwamba lokha silikwanira. M'chaka cha 2006 boma linaletsa anyamata oitanira minibasi, koma patapita nthawi iwo anabwerera m'madepoti ambiri, chifukwa njala imene inawabweretsa inali isanathe.

Pomaliza, ndikuganiza kuti makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi angapindule atakhala pansi ndi makomiti a kabaza, n'kusankhira limodzi malo otalikirako ndi phula, komanso kulemba malamulo a siteji m'Chichewa pa chikwangwani choti aliyense awerenge. Lamulo likakhala lotero, wakabaza adzanena kuti tinagwirizana, osati tinauzidwa.