NTHENDA ZOPOLOZETSA NKHOSA: MAU KWA MAFUMU NDI ENI ZIWETO

Inu mafumu ndi eni nkhosa, cherani khutu. Nkhosa yaikazi ikhala ndi bere miyezi 5, ndipo ikapoloza, mwini wataya phindu la caka conse. Imodzi ikapoloza yokha, kapena yagwa, kapena njala yaikulira. Koma zikapoloza zambiri m'masiku owerengeka, dziwani kuti nthenda yalowa m'khola. Musanamizire mnansi wanu ufiti. Nthawi zina mwini mlandu ndi kacirombo kochedwa vairasi, kosaoneka ndi maso.

Yoopsa koposa ndi nthenda ya malungo a Rift Valley. Inadziwika m'caka ca 1930 pafupi ndi nyanja ya Naivasha ku Kenya, ndipo Daubney, Hudson ndi Garnham analemba za iyo mu 1931. M'zaka za 1950 ndi 1951 inapha nkhosa ngati 100,000 ku South Africa, ndipo ngati 500,000 zinapoloza. Aibweretsa ndi udzudzu. Mazira a udzudzu wina akhala m'dothi la dambo louma nthawi yaitali. Madzi akadzaza dambo, aswa, ndipo udzudzuwo uluma ziweto. Akulu anati walira mvula walira matope: caka ca mvula yambiri ndico caka ca kucenjera. Nthendayi iononga ciwindi. Nkhosa za bere zipoloza pafupifupi zonse, ndipo ana obadwa kumene afa m'masiku awiri kapena atatu.

Ziripo nthenda zina. Ya Wesselsbron, yodziwika ku South Africa mu 1955, iyendanso ndi udzudzu. Ya Border, yodziwika mu 1959 m'malire a England ndi Wales, ipatsira mwana ali m'mimba. Abadwa wonjenjemera, wa ubweya wokhakhala, ndipo akakhala moyo afalitsa nthendayo masiku ace onse. Wotereyo musamsunge kuti abale.

Tsono citani izi. Coyamba, patulani nkhosa yopoloza, ndipo uzani mfumu tsiku lomwelo, kuti atume mthenga kwa mlangizi wa ziweto. Caciwiri, mwana wakufayo ndi zonse zotuluka naye musazigwire ndi manja: zitoleni ndi khasu, muzikwirire m'dzenje lakuya kumene agaru sangafukule. Cacitatu, musasende kapena kudya nyama ya nkhosa yodwala kapena yofa yokha, ndipo mkaka muziuwiritsa. Pakuti malungo a Rift Valley agwiranso munthu ndi mwazi wa ciweto. Ena acita khungu, ena afa. Cacinai, m'dzinja mangani khola pamtunda, kutali ndi dambo. Cacisanu, nkhosa yogula kwina ikhale payokha masabata angapo isanasakanizike ndi zanu.

Mankhwala ociza nthenda izi palibe, ngakhale jekeseni wociza zironda sathandiza. Koma katemera wa malungo a Rift Valley alipo. Abayeni nkhosa zisanatenge bere ndi mvula isanagwe, pakuti katemera wina, wochedwa Smithburn, angathe kupolozetsa nkhosa ya bere.

Inu mafumu, udzudzu sudziwa malire a mudzi. Nthenda ikamveka, letsani anthu anu kugulitsa kapena kusamutsa ziweto kufikira mlangizi atabvomereza. Wobisa nthenda m'khola mwace apha nkhosa za abale ace.